Babu likuphethira ngati disco pa dimmer ya Arduino? Musanataye module, yesani izi

Vuto ili landipeza kangapo ndipo anzanga omwe amakonda kuwotcherera tizinthu amandifunsa lomweli, nde ndati ndingolemba kamodzi. Nkhani yake imakhala iyi: mwalumikiza Arduino (kaboard komwe mumakalembera code kuti kazilamula zipangizo) ku laputopu pa USB, mwagula kamodule ka dimmer, kochepetsera kuwala kwa babu, kapena mwapanga nokha ndi TRIAC (kaswitchi ka electronic ka magetsi a AC) ndi MOC3021 (optocoupler, kachip kotsegula TRIAC kudzera mu kuwala kuti Arduino isakhudzane ndi 230V), cholinga chanu nchoti mukasuntha slider pa kompyuta getsi la m'chipinda lizichepa kuwala pang'onopang'ono. Koma mukayatsa, babu likuphethira-phethira, kapena limangodziwa zinthu ziwiri basi, kuyaka full ndi kuthima, kapena likuchepa bwinobwino kenako likafika pansi mwadzidzidzi phaa lawala ngati mphezi. Ine ndinakumana nazo koyamba pomwe timakonza magetsi a sewero la achinyamata kutchalitchi, ndinataya masiku atatu ndikusintha code pomwe vuto linali babu.

Tisanapite kutali, amwene, mbali ya TRIAC ili pa 230V ndipo 230V imapha. Osagwira board ili pa soketi, zulani pulagi kaye, kuthimitsa switchi yokha sikokwanira chifukwa nyumba zina waya wa live ndi neutral anasinthanitsidwa ndi amene anawayala. Ma TRIAC amasiyana: kachitsulo kakumsana kwa BT136 kali live, mukakamangirira pa heatsink ndiye kuti heatsink yonse ili live. BTA16 kachitsulo kake nkotetezedwa, koma BTB16 ayi, kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha. Ikani fyuzi, ikani zonse mu kabokosi ka pulasitiki, ndipo pasapezeke waya ngakhale mmodzi wolumikiza ground ya Arduino ndi mbali ya 230V, apo ayi shoko ikupezani pa laputopu penipeni. Breadboard si ya 230V. Ngati izi zikukuopsani pitani kumapeto komwe ndakamba za 12V, palibe manyazi.

Chinthu chimodzi choti mumvetse, zina zonse zimachokera pamenepa

Magetsi athu ndi a 50Hz, kutanthauza kuti pa sekondi iliyonse amadutsa pa ziro ka 100. Kuchoka pa ziro kufika pa ziro wina ndi ma millisecond 10, kapena ma microsecond 10000. TRIAC ndiye ili ngati geti lomwe inu mutha kulitsegula koma simungalitseke. Mukaitumizira kapulse imatseguka ndipo imakhala chotsegula mpaka current itatsika pafupi ndi ziro, pamenepo imadzitseka yokha. Nde dimmer yonse ntchito yake ndi kudikira basi: yaona ziro, yadikira pang'ono, yatsegula geti. Ikadikira millisecond 1 babu lilandira pafupifupi zonse, ikadikira 5 lilandira theka la mphamvu, ikadikira 9 lingotsala kofiira kachabe. Ndipo izi zikuyenera kuchitika ka 100 pa sekondi, nthawi yofanana ndendende. Mukaphonya ndi ma microsecond 200 apa ndi apo diso limaona, makamaka getsi likakhala lochepa.

Ndiye kompyuta siyiyenera kusunga nthawi imeneyi. Kompyuta ingotumiza nambala, tinene 0 mpaka 100, yosunga nthawi ikhale Arduino.

Yambani ndi babu, osati code

Ichi ndiye chomwe ndikanakonda wina akanandiuza. Pezani babu lakale lija la filament, la 40W kapena 60W, lotentha lija. Masiku ano akusowa chifukwa aliyense anapita ku LED, koma mukafunsa m'ma hardware kapena kwa oweta nkhuku omwe amafunditsira anapiye mupeza. Lowetsani limenelo. Likamachepa bwinobwino osaphethira, circuit yanu ndi code yanu zili bho, vuto ndi babu lomwe munali nalo. Likamaphethirabe ndiye vuto ndi nthawi, dumphani ndime zingapo zotsatirazi.

Mababu a LED ambiri omwe timagula pamsika si a dimmer. Mkati mwake muli kadriver komwe ntchito yake nkuonetsetsa kuti kuwala kusasinthe ngakhale voltage itsike, ndiye inu mukudula magetsi iko kakulimbana nanu, mapeto ake kuphethira kenako kufa. Ngati pa katoni sipanalembedwe kuti dimmable ndiye si dimmable, wogulitsa anene zomwe anganene. Ma energy saver opindika aja ndiye musayese nkomwe, ma tube a fluorescent chimodzimodzi.

Koma ngakhale LED ya dimmable imatha kuvuta, pa chifukwa china. TRIAC imafuna current yokwanira kuti ikhalebe chotsegula, amati holding current. BTA16-600B imatha kufuna mpaka 50mA, pomwe babu la 9W pa 230V limakoka cha m'ma 40mA, la 5W cha m'ma 20mA, ndipo mukalichepetsa kuwala limakokanso zochepa kuposa apo. Ndiye TRIAC imatseguka nkutsekekanso pakati panjira, nthawi zina pa theka limodzi la wave yokha, nkumaoneka ngati babu likunjenjemera. Anthu amagula TRIAC yaikulu poganiza kuti yaikulu ndiye yabwino, koma pa babu limodzi laling'ono BT136 imachita bwino kuposa ya 16A. Njira ina nkuonjezera katundu: ikani mababu atatu anayi pa dimmer imodzi, kapena lumikizani kababu ka filament ka 15W kapena 25W pambali pake mu parallel. Kuphethira kukatha mwadziwa kuti inali holding current. Ngati mukufunitsitsa LED imodzi yokha izichepa bwino mpaka pansi, fufuzani dimmer ya MOSFET yomwe amati trailing edge, imeneyo imadula kumapeto kwa wave osati koyambirira ndipo ma LED amagwirizana nayo bwino.

Pali kenanso kodabwitsa: mwathimitsa pa kompyuta, nambala ili 0, koma LED ikuyakabe pang'ono usiku kapena ikuphethira kamodzi pa masekondi angapo. Si ufiti. Ndi snubber, karesistor ndi kacapacitor komwe kamakhala pambali pa TRIAC, kawirikawiri 39 ohm ndi 10nF. Kamadutsitsa kacurrent kochepa nthawi zonse, babu la filament silingakamve koma LED imakasunga mu capacitor yake mpaka kukwana kuthwanima. Kababu ka filament mu parallel kamathetsanso zimenezi.

Ngati la filament nalonso likuphethira

Funso loyamba: mu code yanu muli analogWrite? Ngati mukutumiza analogWrite molunjika ku MOC3021, vuto ndi lomwelo. PWM, kuyatsa ndi kuthimitsa pin mwachangu komwe analogWrite imachita, pa Arduino Uno imathamanga cha pa 490Hz, pa pin 5 ndi 6 cha pa 980Hz, ndipo sidziwa kuti ziro wa magetsi ali pati. Kapulse koyamba kakangofika TRIAC yatseguka, ndipo paja sitsekeka mpaka ziro, ndiye mumapeza babu lowala pafupifupi full likugwedezeka. PWM imagwira pa DC, pa TRIAC ayi. Alipo ma module ena omwe ali ndi kachip kawo mkati omwe amalandira PWM, koma wamba aja olembedwa ZC (zero-cross, pulse yosonyeza kuti magetsi adutsa pa ziro) ndi PSM kapena PWM pa mapini, monga a RobotDyn, dzina la pin lisakupusitseni, amafunabe kuti Arduino iwerenge ZC nkutumiza pulse pa nthawi yake.

Chachiwiri, tengani tochi muwerenge nambala ya pa optocoupler. MOC3021, MOC3023 kapena MOC3052 zili bwino, zimatsegula nthawi iliyonse mwazilamula. MOC3041 ndi MOC3063 zili ndi zero-cross mkati, zimakana kutsegula pokhapokha voltage ili pafupi ndi ziro, nde pa dimmer nzopanda ntchito, mungopeza kuyaka ndi kuthima. Zimafanana maonekedwe, miyendo 6 zonse, ndipo ine ndinapatsidwapo yolakwika pa kauntala ndinazindikira ndili kunyumba. Ma solid state relay ngati SSR-25DA nawonso ndi a zero-cross. Pa heater kapena incubator ali bwino zedi chifukwa mutha kuyatsa masekondi awiri kuthimitsa atatu, koma pa getsi diso liona.

Chachitatu, ndipo apa mpomwe pamakhala vuto nthawi zambiri, werengani ma zero-cross. Lembani kacode kakang'ono kopanda china chilichonse, kangowerenga kuti interrupt (kacode komwe Arduino imathamangira pulse ya ZC ikangofika) yabwera kangati pa sekondi nkulemba pa Serial Monitor. Yankho likuyenera kukhala 100. Mukapeza 0, onani pin, pa Arduino Uno ndi Nano attachInterrupt imagwira pa pin 2 ndi 3 pokha, komanso onani ngati pali pull-up, INPUT_PULLUP imakwanira nthawi zambiri. Mukapeza 50 ndiye mukuona theka la wave lokha, zimachitika mukagwiritsa optocoupler ya 4N25 kapena PC817 pa circuit ya zero-cross popanda bridge rectifier kutsogolo kwake, chifukwa mkati mwake muli LED imodzi yoyang'ana mbali imodzi. H11AA1 ndi PC814 zili ndi ziwiri ndiye sizifuna bridge. Mukapeza 200 mwina mwalemba CHANGE m'malo mwa RISING. Mukapeza manambala osakhazikika, 113, 140, 108, ndi phokoso la pa waya, pulse ikukwera mochedwa ndiye Arduino ikuiwerenga kawiri katatu. Mankhwala ake ndi osavuta: mu interrupt werengani micros(), pulse iliyonse yobwera pasanathe ma microsecond 7000 kuchokera pa yapitayo muinyalanyaze. Komanso waya wa ZC akhale wamfupi ndipo asagone limodzi ndi waya wopita ku babu.

Chachinayi, code munaitenga kuti? Zambiri zomwe zili pa intaneti zinalembedwa ku America komwe magetsi ndi 60Hz, theka la wave kumeneko ndi ma microsecond 8333. Mu sketch (code ya Arduino) ina yotchuka ya ma step 128 mumakhala nambala 65, ma microsecond a step iliyonse pa 60Hz, ife timafuna 75. Mukasiya 65 babu silifika pothima, limatsala kofiira.

Nanga kuja kowala mwadzidzidzi mukafika pansi? Apa ndiye pamafunika kumvetsa. Circuit ya zero-cross siona ziro weniweni, imapereka pulse yotambalala, imayamba ziro asanafike nkutha atadutsa, kutambalala kwake kumadalira ma resistor omwe mwaika. Tsono mukadikira nthawi yaitali kwambiri, tinene ma microsecond 9900, kapulse kanu ka gate kamakagwera mu theka lotsatira la wave, koyambirira kwenikweni, ndiye TRIAC imatseguka wave yonse, babu full. Musalole delay kupitirira cha m'ma 8500 kapena 9000, yesani nokha muone pomwe board yanu ikuyamba misala nkubwerera pang'ono. Ndipo nambala ikakhala 0 musatumize pulse nkomwe, osati kudikira kwambiri. Kumwamba nakonso musatsegule pa ziro penipeni, voltage imakhala isanakwane kuti TRIAC igwire, yambirani cha pa 500. Pulse ya gate ikhale yaifupi, ma microsecond makumi angapo, kenako pin ibwerere LOW. Mukaiwala kuibweza LOW ndiye babu lizingokhala full mpaka kalekale.

Zimavuta pokhapokha kompyuta ikamalankhula

Izi ndiye zimapweteka mutu. Pa yokha dimmer ili bwinobwino, mukangosuntha slider yayamba kuphethira kapena ikulandira manambala olakwika, mwatumiza 75 iyo yamva 7. Chimachititsa ndi delayMicroseconds mkati mwa interrupt. Ma sketch ambiri amatero chifukwa nchosavuta, koma Arduino ikakhala mu interrupt ma interrupt ena onse amaima, kuphatikizapo wa Serial. Pa 9600 baud chilembo chimodzi chimatenga pafupifupi millisecond 1, ndiye inu mukagona mu interrupt ma millisecond 8 pa 10 aliwonse zilembo zina zimatayika basi. Njira yake ndi Timer1, timer ya mkati mwa Arduino: zero-cross ikabwera mungoyambitsa timer nkutuluka, timer ikakwana ibweretse interrupt yake yotsegula TRIAC. Library ya TimerOne imathandiza, ya RBDdimmer nayonso imachita zomwezi. Dziwani kuti library ya Servo pa Uno imagwiritsanso Timer1, ndiye Servo ndi TimerOne sizikhala nyumba imodzi.

Osaika Serial.print mu interrupt. Variable yomwe ikusinthidwa mu loop nkumawerengedwa mu interrupt ikhale volatile, ndipo ngati ndi int, pa Uno imalembedwa ma byte awiri padera, interrupt itha kugwa pakati nkuwerenga nambala yosakaniza yakale ndi yatsopano, babu nkuphethira kamodzi pa nthawi, vuto lovuta kuligwira. Ikutireni ndi noInterrupts() ndi interrupts() pomwe mukulemba, kapena mugwiritse byte. Serial.parseInt nayo imadikira sekondi yathunthu ikasowa deta kenako nkubweza 0, ndipo kachilembo ka newline kotsalira kamapangitsa kuti mukatumiza 60 babu liyake kenako lithime lokha patapita sekondi. Ine ndimangotumiza byte imodzi, 0 mpaka 100, nkhani yatha. Ku kompyuta nakonso musatumize nambala iliyonse yomwe slider yadutsa, tumizani ka 20 pa sekondi kapena kuchepera.

Kenanso, Uno imadziyambitsanso nthawi iliyonse pulogalamu ikatsegula port. Ngati script yanu ya Python ikutsegula port, kutumiza, kutseka, pa lamulo lililonse, babu lizithima kaye nthawi zonse ndipo nambala yanu izitayika chifukwa board inali isanadzuke. Tsegulani kamodzi, dikirani masekondi 2, musiye chotsegula. Port ikamakana, tsekani Serial Monitor, mapulogalamu awiri sangagwire COM port imodzi. Ma board otchipa ambiri ali ndi chip ya CH340 yomwe pa Windows imafuna driver yake, pa Linux dziikeni mu group ya dialout. Ndipo ngati Arduino ikuzimiririka pa kompyuta nthawi yomwe babu layaka, sinthani chingwe cha USB muike chachifupi, muchitalikitse ndi mawaya a 230V.

A Raspberry Pi, pepani. Kuwerenga zero-cross ndi Python pa Linux nkutsegula TRIAC kuchokera pamenepo kumagwira pa video ya masekondi khumi, koma Linux imakhala ndi zochita zina, ikachedwa millisecond imodzi babu laphethira. Ikani ka Nano pakati, Pi izingotumiza nambala.

Pa jenereta ndi pa inverter

Iyi nde yathu ino. Masana zonse zili bwino, magetsi athima, mwaliza jenereta, dimmer yapenga. Jenereta yaing'ono sisunga 50Hz ndendende, injini ikalemedwa imatsika, katundu akachoka imakwera, wina akayatsa ketulo mumamva ndi khutu lomwe. Code yomwe inalemba 10000 ngati lamulo imasokonekera, makamaka pansi paja pomwe delay ili pafupi ndi ziro wotsatira. Yezani nthawi ya pakati pa ma zero-cross ndi micros(), tengani avereji ya angapo, delay yanu ikhale gawo la nthawi imeneyo osati nambala yokhazikika. Zimathandiza kwambiri ngakhale sizithetsa zonse chifukwa voltage nayo imakhala ikuvina. Inverter ya modified sine ndiye iwalani, wave yake ndi masitepe, imakhala pa ziro kwa kanthawi kenako nkudumpha, palibe choti mudule bwinobwino ndipo snubber imatentha. Ya pure sine imagwira.

Kulira ndi kutentha

Kakulira ka zzzz pa babu kapena pa board, makamaka pakatikati, nkwachibadwa, pa ma millisecond 5 mukutsegula geti voltage ili pamwamba penipeni, cha pa 325V, ndiye current imalowa mwankhanza. Choke (coil ya waya) mu series imachepetsa kulirako, komanso imachepetsa phokoso lomwe limalowa mu wailesi ndi mu ma speaker. Kutchalitchi kuja zinkamveka mu PA mpaka tinasamutsa dimmer pa soketi ina kutali ndi mixer ndi mawaya a maiki. TRIAC imataya pafupifupi watt imodzi pa amp iliyonse, babu limodzi sifuna heatsink, ma floodlight a halogen a 500W imafuna. Ma resistor a zero-cross nawonso amatentha, ikani awiri mu series a 1W kapena 2W, osati kamodzi ka kota watt, kamapsa. Fani, fuliji, pampu ndi chaja musaziike pa dimmer imeneyi.

Ndipo zonse zikayamba kugwira muona kuti slider siyikuyenda mofanana, kuchoka 100 kufika 70 palibe chikusintha kenako pakati ikugwa msanga. Palibe chaonongeka, mphamvu zambiri za wave zili pakati, ndipo diso nalo limamva kusintha kwambiri kukakhala mdima. Pangani katebulo ka ma delay mu array, muyese ndi maso usiku, musinthe manambala mpaka zikukomereni.

Kunena zoona, ine masiku ano munthu akandiuza kuti akungofuna getsi la kuchipinda kapena la pa shopu lomwe azilichepetsa pa kompyuta ndimamuuza agule LED strip ya 12V, MOSFET ngati IRLZ44N, resistor ya pa gate, basi. Pamenepo analogWrite imagwira monga mmene mumaganizira poyamba paja, palibe zero-cross, palibe shoko, ndipo imayaka pa batire ya sola magetsi akathima. Ngati ndi holo kapena siteji, njira yake ndi DMX512, yolamulira nyali za pa siteji: kachingwe ka USB to DMX, pulogalamu yaulere ya QLC+, nyali za LED zotchedwa par zomwe zili ndi dimmer mkati kale, channel iliyonse 0 mpaka 255. Nayonso ikamaphethira yambani mwaona ngati pa nyali yomaliza pali terminator ya 120 ohm, ndiponso ngati simunagwiritse chingwe cha maiki pa mtunda wautali chifukwa choti pulagi yake ikulowa.